Mbiri ya Kaundula wa Akatswiri Ojambula M'thupi ku America, ndi Mmene Maphunziro a CT Anakhazikikira

Pakati pa mabungwe onse amene amayang'anira ntchito za chipatala m'dziko la America, lilipo limodzi limene odwala ambiri sanamvepo dzina lake, ngakhale kuti tsiku ndi tsiku amagoneka matupi awo pamaso pa anthu amene bungwelo linawayesa ndi kuwavomereza. Ndilo American Registry of Radiologic Technologists, kapena mwachidule ARRT, limene likulu lake lili ku St. Paul, m'chigawo cha Minnesota, ndipo m'kaundula wake muli mayina a anthu oposa 300,000. Bungweli lilibe chipatala, lilibe sukulu, ndiponso silisula makina. Ntchito yake ndi kuchitira umboni kuti munthu wakutiwakuti, amene wapatsidwa udindo wolowetsa cheza m'thupi la mnzake, anaphunzira mokwanira, anayesedwa, ndipo ndi wa makhalidwe oyenera. Aliyense wofuna kudziwa chifukwa chake lero, m'zigawo zambiri za dzikolo, wojambula pa makina a CT ayenera kuyamba wadzera ku koleji asanakhudze wodwala, achita bwino kumva mbiri ya kaundula ameneyu, pakuti m'menemo muli phunziro lakuti makina amakhala patsogolo nthawi zonse, maphunziro nabwera pambuyo, ndipo pa mpata umene uli pakati pa ziwirizi ndipo pamene anthu amavulalira.

Chiyambi cha zonsezi chinali pa 8 Novembala 1895, pamene Wilhelm Conrad Röntgen, mphunzitsi wa sayansi mu mzinda wa Würzburg ku Germany, anatulukira cheza chosaoneka ndi maso, chokhoza kupyola mnofu ndi kuonetsa mthunzi wa mafupa. Mbiri yake inawanda msanga koposa, kotero kuti chaka chisanathe makina a X-ray anali atalowa m'zipatala za maiko ambiri. Koma popeza panalibe sukulu yophunzitsa ntchitoyo, aliyense amene anali pafupi ndiye anaigwira: ojambula zithunzi wamba, amisiri a magetsi, anamwino, alembi a madokotala, ndi masisitere a m'zipatala za mpingo. Anthuwa anaphunzira mwa kuyesa ndi kulakwa, ndipo ambiri analipira ndi matupi awo, popeza ankayesa mphamvu ya makina pa manja awo eni, osadziwa kuti cheza chimene chimaonetsa fupa ndicho chimene chimaononganso thupi mwakachetechete. Clarence Dally, amene ankathandiza Thomas Edison pa zoyesayesa zake, anadulidwa mikono yonse iwiri, namwalira ndi khansa m'chaka cha 1904. Ndipo pofika 1936 akufa a mtundu umenewu anali atachuluka kotero kuti ku Hamburg, pa chipatala cha St. Georg, anawaimikira mwala wa chikumbutso wolembedwa mayina 169. Safunsa anadya phula, amatero akulu. Koma m'masiku amenewo tsoka linali lakuti ngakhale wofunsa analibe womufunsa.

Munthu amene anaona kuti zinthu sizingapitirire motere anali Ed C. Jerman, mwana wa dokotala, amene ankagwira ntchito ku kampani yopanga makina ya Victor X-Ray Corporation, ndipo poyendayenda m'zipatala anapeza kuti makina amodzimodzi ankatulutsa chithunzi chooneka bwino pa chipatala china ndi chithunzi chachabechabe pa china, kusiyana kwake kuli m'manja mwa wojambula. M'mwezi wa Okutobala 1920, iye pamodzi ndi anzake 13 anasonkhana mu mzinda wa Chicago, nakhazikitsa chigwirizano cha ojambula, chimene patapita zaka, chitasintha dzina kangapo, chinadzatchedwa American Society of Radiologic Technologists m'chaka cha 1964. Jerman analembanso buku lotchedwa Modern X-Ray Technic, limene linatuluka mu 1928, momwe analongosola kuti chithunzi chabwino sichibwera mwamwayi, koma mwa kuwerengera bwino mphamvu ya magetsi, nthawi, mtunda, ndi kunenepa kwa chiwalo chimene chikujambulidwa.

Komatu chigwirizano cha antchito okhaokha sichikanatha kudzichitira chokha umboni, monga munthu sakhala woweruza pa mlandu wake. Chifukwa chake m'chaka cha 1922 madokotala a bungwe la Radiological Society of North America, mogwirizana ndi ojambulawo, anakhazikitsa kaundula woima payekha, woti aziyesa anthu ndi kulemba mayina a opambana. Woyamba kulembedwa anali Sister M. Beatrice Merrigan, wa pa chipatala cha St. Anthony mu mzinda wa Oklahoma City, amene anayesedwa kumapeto kwa chaka chomwecho. Mayeso ake anali mafunso 20 oyankha ndi mawu akeake, pamodzi ndi zithunzi zimene anajambula yekha, zoti oyesawo aone ngati dzanja lake likugwirizana ndi mutu wake. Olembedwa m'kaundulamo ankalonjeza kuti adzagwira ntchito pansi pa dokotala, ndi kuti sadzauza wodwala nthenda imene aiona pa chithunzi, pakuti kumasulira chithunzi kunali gawo la dokotala, ndipo kuchipanga kunali gawo la wojambula. Malire amenewa, amene alipobe kufikira lero, ena anawaona ngati kuchepetsa wojambula. Koma anali ndi ubwino wake, chifukwa anaonetsa poyera kuti kupanga chithunzi ndi ntchito payokha, yokhala ndi nzeru zake, yofunika kuiphunzira ndi kuiyesedwa.

Zaka makumi anayi zotsatira zinali za kumanga pang'onopang'ono. Mu 1936 kaundulayo analembetsedwa mwalamulo ndi dzina lakuti American Registry of X-Ray Technicians, ndipo ojambula anayamba kusankha nawo, pamodzi ndi madokotala, anthu okhala pa bwalo lolamulira. Mu 1944 bungwe la American College of Radiology linatenga malo a madokotala oyamba aja, ndipo m'chaka chomwecho American Medical Association inayamba kuvomereza sukulu zophunzitsa ojambula. Sukulu zimenezi zinali za m'zipatala momwemo, kumene wophunzira ankakhala ngati mtumiki wa akuluakulu ake, kunyamula odwala, kutsuka mafilimu m'chipinda chamdima, ndi kutola nzeru mwa kupenyerera. Ndipo ngakhale kuti m'sukulu zotere munatuluka amisiri a manja abwino, maphunziro a m'buku anali kudalira pa chifundo ndi nthawi ya dokotala wa pamalopo. Mu 1962 kaundulayo anatenga dzina limene ali nalo lero, nawonjezera mayeso a ochiza khansa ndi cheza, ndi a oyeza odwala ndi mankhwala otulutsa cheza. Ndipo mu 1969 panabadwa komiti yapadera, imene imadziwika ndi zilembo za JRCERT, yoyendera ndi kuvomereza sukulu. M'zaka zomwezo makoleji a zaka ziwiri, amene kumeneko amamangidwa m'mizinda ndi m'maboma kuti ana a anthu wamba aphunzire pafupi ndi kwawo pa mtengo wotsika, anayamba kutenga maphunziro a ojambula kuchokera m'manja mwa zipatala, kotero kuti wophunzira anayamba kugawa masiku ake pakati pa kalasi ndi chipatala.

Pamene nyumbayi inkaoneka ngati yatha kumangidwa, kunafika mlendo amene anaigwedeza kuyambira pa maziko. Allan Cormack, katswiri wa sayansi wobadwira ku Johannesburg, atagwirako ntchito pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1956, anayamba kulingalira za masamu oti munthu adziwe za m'kati mwa thupi mwa kuyeza cheza chimene chalipyola kuchokera mbali zambiri, ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1963 ndi 1964, koma anthu sanazisamale. Ku England, Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI, amene sankadziwa za ntchito ya Cormack, anafika pa ganizo lomwelo napanga makina ake, amene lero timawatcha CT. Ndipo pa 1 Okutobala 1971, pa chipatala cha Atkinson Morley ku Wimbledon, mothandizana ndi dokotala James Ambrose, anajambula mutu wa mayi wina amene ankamuganizira kuti ali ndi chotupa mu ubongo, ndipo chotupacho chinaoneka. Mu 1973 makina otere anafika ku America, pa chipatala cha Mayo Clinic, m'chigawo chomwecho cha Minnesota. Mu 1974 Robert Ledley wa ku Georgetown University anapanga makina ojambula thupi lonse. Ndipo mu 1979 Cormack ndi Hounsfield analandira mphotho ya Nobel ya zamankhwala, ngakhale kuti mwa awiriwo panalibe dokotala.

Kuti timvetse chifukwa chake luso lakale silinakwanire pa makina atsopanowa, tiyenera kuona mmene amagwirira ntchito. Chithunzi cha X-ray wamba ndi mthunzi, momwe nthiti, mtima, mapapo ndi msana zimasanjikizana pamodzi. Koma pa CT gwero la cheza limazungulira wodwala, zoyezera zili kutsidya kwake zikulandira chimene chapyola, ndipo kompyuta imawerengera miyeso zikwizikwi nipanga chithunzi cha thupi lodulidwa chopingasa, monga mmene mayi adulira chinangwa m'timapande kuti aone ngati m'kati muli bwino. Makina oyamba a EMI ankatenga miyeso 28,800 pa kapande kamodzi, ndipo wodwala ankayenera kugona osagwedezeka kwa mphindi pafupifupi zisanu. Kadontho kalikonse ka chithunzicho kali ndi nambala yake pa muyeso wa Hounsfield, pamene madzi ali pa 0, mpweya uli pa -1000, ndipo fupa lolimba limafika pa 1000 kapena kupitirira. Ndipo popeza diso la munthu silingasiyanitse mitundu yonse ya kuyera ndi kuda imene ili pakati pa manambalawa, wojambula amasankha chigawo chimene chionekere, china pofuna mapapo, china pofuna ubongo, china pofuna fupa. Chotero munthu amene anazolowera kuona thupi choimirira anayenera kuphunziranso ziwalo zonse mwatsopano, kuti azindikire chiwindi, kapamba ndi impso zikaoneka zodulidwa. Anayenera kudziwa kubaya m'mitsempha mankhwala a ayodini oonetsa njira za magazi, kuwerengera masekondi kuti ajambule mankhwalawo ali pamalo ofunikira, kufufuza ngati impso za wodwala zingawapirire, ndi kuzindikira msanga ngati thupi lawakana.

Ngakhale zinali choncho, kwa zaka 22, kuyambira 1973 kufikira 1995, m'dziko lonselo munalibe mayeso a kaundula a ntchito ya CT. Chipatala chikagula makina, kampani inkatumiza munthu wake kudzaphunzitsa antchito kwa masiku owerengeka, ndipo iye akachoka, amene wagwirako pang'ono ankaphunzitsa mnzake, mnzakeyo naphunzitsanso wina, nzeru ndi zolakwa zomwe zikuyenda pamodzi kuchokera dzanja kupita dzanja. Ndiko kunena kuti ntchitoyi inabwereranso ku masiku a Jerman, kusiyana kwake kuli kwakuti tsopano makina anali amphamvu koposa. Pa nthawi yonseyi makinawo sanaime kudikira: mu 1989 Willi Kalender ndi anzake anaonetsa njira yojambula bedi likuyenda ndipo gwero la cheza likuzungulira osaleka, kotero kuti chifuwa chonse chinkatheka wodwala atagwira mpweya kamodzi. Pomalizira pake, mu 1995, ARRT inatsegula mayeso a CT, oti alembe anthu amene ali kale m'kaundula, ndipo wopambana anayamba kulemba zilembo za CT pambuyo pa dzina lake. M'chaka chomwecho bungweli linalamulanso kuti aliyense wa m'kaundula azionetsa maphunziro owonjezera okwana mfundo 24 pa zaka ziwiri zilizonse, pozindikira kuti satifiketi ya pa unyamata singasunge munthu mpaka ukalamba pa ntchito imene zida zake zimasintha chaka ndi chaka.

Chimene chinafulumizitsa zotsalazo chinali mantha, ndipo anali mantha oyenera. Makina ojambula timapande 4 nthawi imodzi anatuluka mu 1998, a timapande 64 mu 2004, ndipo kujambula kutakhala kwachangu ndi kosavuta, madokotala anakukonda koposa. David Brenner ndi Eric Hall, polemba mu New England Journal of Medicine mu 2007, anawerengera kuti ku America kujambula kwa CT kunakwera kuchoka pa 3 miliyoni mu 1980 kufika pa 62 miliyoni pa chaka. Tsono cheza cha CT si chochepa: X-ray wamba ya chifuwa imapereka pafupifupi 0.1 millisievert, pamene CT ya chifuwa chomwecho imapereka pafupifupi 7, ndiko kupitirira kawiri cheza chimene munthu wa kumeneko amalandira kuchokera m'chilengedwe pa chaka chathunthu. Ana ndiwo anali pa ngozi yaikulu, popeza zipatala zambiri zinkawajambula ndi muyeso wa akuluakulu. Ndipo chifukwa cha ichi mu 2008 mabungwe a madokotala, a akatswiri a sayansi ndi a ojambula anayambitsa ntchito yotchedwa Image Gently, yophunzitsa kuti muyeso uzitsata msinkhu wa mwana. Chaka chotsatira, mu 2009, kunamveka kuti pa chipatala china chachikulu cha ku Los Angeles odwala 206 analandira cheza chofika kasanu ndi katatu kuposa choyenera pojambulidwa ubongo, ndipo cholakwacho chinapitirira kwa miyezi 18 osazindikirika, kufikira wodwala wina atadandaula kuti tsitsi likumuthothoka. Chovuta cha CT n'chakuti cheza chikachuluka chithunzi sichida monga inkachitira filimu yakale, koma chimangooneka bwino koposa. Chotero diso silingachenjeze wojambula, koma nzeru yokha yowerenga manambala a muyeso amene makina amaonetsa. Chigawo cha California chinakhazikitsa lamulo mu 2010 lakuti muyeso wa cheza wa CT iliyonse uzilembedwa m'mbiri ya wodwala.

Kuyambira pamenepo kaundula anamanga zingwe zake. Aliyense wolandira satifiketi kuyambira 2011 ayenera kuyesedwanso nzeru zake zaka 10 zilizonse. Kuyambira pa 1 Januwale 2015, wofuna kulowa m'kaundula koyamba ayenera kukhala ndi digiri ya koleji ya zaka ziwiri kapena yoposapo. Ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2016, wofuna mayeso a CT ayenera kuonetsa maola 16 a maphunziro olongosoka, ogwira zigawo zonse za mayesowo, ndizo kusamalira wodwala, kuteteza ku cheza, kupanga chithunzi, ndi njira zojambulira ziwalo zosiyanasiyana. Pamwamba pa izi ayenera kuonetsa kuti wajambula yekha odwala maulendo 125, pa mitundu yosiyanasiyana ya mutu, khosi, chifuwa, mimba, msana ndi mafupa, ndipo ulendo uliwonse utsimikizidwe ndi katswiri wovomerezeka kapena dokotala. Motero njira ya mnyamata kapena mtsikana wofuna ntchitoyi lero ndi yodziwika: zaka ziwiri ku koleji yovomerezeka kuphunzira X-ray wamba, mayeso oyamba a kaundula, ndipo pambuyo pake maphunziro a CT, amene makoleji ambiri amawapereka pa teremu imodzi kapena awiri, kawirikawiri madzulo kapena pa intaneti, popeza ophunzirawo amakhala ali kale pa ntchito. Amene alephera mayeso amaloledwa kuyesa katatu m'zaka zitatu. Ndipo amene apezeka ndi chinyengo kapena kuzunza odwala akhoza kufafanizidwa m'kaundula, ngakhale nzeru zake zikhale zochuluka motani.

Sitinganene kuti ntchitoyi yatha kapena kuti ilibe banga. Kaundula si boma, ndipo satifiketi yake ilibe mphamvu ya lamulo pokhapokha chigawo chitaivomereza. Ndipo popeza ku America chigawo chilichonse chimadzipangira malamulo ake a ziphaso, zigawo zambiri zimagwiritsa ntchito mayeso a ARRT, koma zina zowerengeka sizifuna chiphaso chilichonse kwa wojambula, ngakhale kuti nyumba ya malamulo ya dziko lonse inakhazikitsa miyeso yake mu 1981 popanda kukakamiza zigawo kuitsata. M'malo ambiri lamulo limalola munthu wa satifiketi ya X-ray wamba kugwira makina a CT, kotero kuti chimene chimamukankhira ku mayeso ndi wolemba ntchito, malipiro, kapena chikumbumtima chake. Ena amanenanso kuti maola 16 ndi ochepa poyerekeza ndi kulemera kwa ntchitoyo, ndipo mawu awo ali ndi nzeru. Zipatala zazing'ono za kumidzi nazo zimadandaula kuti wojambula mmodzi amene amagwira zonse usiku sangapeze msanga mitundu yonse ya odwala imene kaundula amafuna. Komabe amene ayerekeza lero ndi chaka cha 1980 adzaona kuti mtunda woyendedwa ndi wautali, ndi kuti unayendedwa chifukwa madokotala, ojambula ndi aphunzitsi anavomera kuti mutu umodzi susenza denga.

Kwa ife a kuno ku Malawi, kumene makina a CT ayamba kupezeka m'zipatala zazikulu za boma ndi m'zipatala zina zolipira, kumene ojambula amaphunzira dipuloma yawo pa Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe nalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi, mbiri iyi ndi ya mnzathu amene anatsogola pa njira, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dziko lolemera ngati America linadikira zaka 22 lisanayese ogwira makinawa, ndipo linaphunzira zina mwa zowawa. Palibe chifukwa chakuti ife tibwereze kudikirako. Chotero inu akuluakulu a boma, eni zipatala, ndi abwenzi amene mumatipatsa mphatso za makina, pamene muwerengera mtengo wa makina, wa nyumba yake ndi wa magetsi ake, werengeraninso mtengo wophunzitsa, woyesa ndi wosunga munthu amene adzawagwire, ndipo maphunzirowo ayambe makinawo asanatsike m'galimoto.